Chitsulo Chimene Osula a ku Sheffield Adayamba Achikana

Cha m'ma 1740, Benjamin Huntsman, mmisiri wa mawotchi amene adachoka ku Doncaster kukakhala ku Handsworth, kufupi ndi Sheffield ku England, adatulukira njira yopangira chitsulo chabwino kuposa chilichonse chimene osula a ku Ulaya ankachidziwa. Adapita nacho kwa opanga mipeni a m'tauniyo. Iwo adachiika pachipala, nachimenya, nachibweza kwa mwini wake. Adati n'chouma mutu, sichimvera nyundo, chimadya mwala wonolera ndipo chimachedwetsa ntchito. Huntsman sadalimbane nawo. Adayamba kuchigulitsa ku France, ndipo pasanapite nthawi mipeni ya Afalansa yosulidwa ndi chitsulo cha ku Sheffield idayamba kulanda msika wa eni ake. Osula aja adathamangira ku boma kukapempha kuti chitsulocho chisamatuluke m'dziko. Boma lidakana, ndipo iwo adabwerera kwa Huntsman ndalama zili m'manja.

Masiku ano okonda mipeni yopinda, ya m'thumba ija, amatha kuchezera usiku wonse akutsutsana ngati chitsulo cha S30V chiposa cha M390, ngati cha MagnaCut ndi choyenera mtengo wake, ndiponso ngati chigwiriro cha titanium chiposa cha micarta. Ambiri amayesa kuti mkanganowu udabwera ndi makina amakono, chonsecho udayambira m'tinyumba tamwaye ta ku Sheffield, ndipo m'zaka pafupifupi 300 udangosintha maina a zitsulo. Chitsulo chokondweretsa wogula, chifukwa sichibuntha msanga, ndicho chimene chimazunza wosula ndi wonola.

Sheffield idatchuka ndi mipeni kale kwambiri Huntsman asanabadwe. Geoffrey Chaucer, polemba The Canterbury Tales kumapeto kwa zaka za m'ma 1300, adatchula kale mpeni wa ku Sheffield umene mwini chigayo wina ankayenda nawo. Mu 1624 Nyumba ya Malamulo idavomereza bungwe la osula la Company of Cutlers in Hallamshire kuti liziyang'anira zizindikiro za amisiri ndi maphunziro a anyamata olowa ntchitoyi. Chimene chidakokera ntchitoyi kumeneko ndi mitsinje isanu yotsika m'mapiri, Don, Sheaf, Rivelin, Loxley ndi Porter, imene inkazunguza mawilo a madzi, komanso miyala yamchenga ya m'deralo imene inkasemedwa kukhala miyala yonolera. Chitsulo chabwino chokha ndicho chinkachokera kutali, ku migodi ya Dannemora ku Sweden, kudzera padoko la Hull.

Chitsulo cha ku Sweden chinkafika chofewa, chosatha kusunga kuthwa. Kuti chikhwime, ankachiyala m'mabokosi amiyala pakati pa makala, n'kumata pamwamba, n'kusonkhezera moto kwa sabata kapena kupitirira, kuti kaboni wa m'makalawo alowe m'chitsulo. Potuluka chinkakhala ndi matuza pakhungu. Vuto lidali loti kaboni ankachuluka kunja, m'kati n'kuchepa. Osula ankadula mipiringidzoyo, kuisanjikiza, kuiwotcha ndi kuimenya mpaka igwirane kuti isakanizike, ndipo akabwereza kawiri mtengo unkakwera. Kwa wopanga mawotchi, amene amafuna kasipuling'i kofanana mphamvu kuyambira uku mpaka uko, zimenezi sizinkakwanira. Huntsman adaphwanya chitsulo chamatuzacho, nachiika m'miphika yadongo yolowa makilogalamu pafupifupi 15, naisungunula pamoto wa malasha wofika madigiri 1,600. Chikasungunuka, zinyalala zinkayandama pamwamba ndipo kaboni ankafalikira paliponse mofanana. Amuna otulutsa miphikayo m'ng'anjo ankakulunga miyendo ndi masaka onyowa kuti zovala zisayake. Ng'anjo yamtunduwu ikadalipo ku Abbeydale, kumene alendo amakaiona.

Pali nkhani imene anthu a ku Sheffield amakonda kusimba, yoti mpikisani wina, Samuel Walker, adadzisandutsa wopemphapempha usiku wina wachisanu, napempha kuotha moto pang'anjo ya Huntsman, n'kuba chinsinsi chonse akunamizira tulo. Ndi nthano yokoma, ndipo iyenera kumvedwa ngati nthano.

Amene ankalipira mtengo weniweni wa mpeni wakuthwa adali onola. Wonola ankakhala chotang'adza pathabwa, atawerama, chifuwa chili pamwamba pa mwala wozungulira, tsiku lonse akupuma fumbi la mwala ndi la chitsulo. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1700, mitsinje ya Sheffield idali ndi malo oposa 100 oyendera mphamvu ya madzi. Nthawi imeneyo mtsinje ukaphwa kapena ukauma ndi chisanu, wonola ankapuma, mapapo n'kupeza mpata. Makina a nthunzi atafika m'ma 1780, mpumulowo udatha, ndipo onola adaunjikidwa m'zipinda zotsekeka za m'tauni chaka chonse. Friedrich Engels, m'buku lake la 1845 lonena za moyo wa antchito ku England, adagwiritsa ntchito zimene dokotala wa ku Sheffield, Arnold Knight, adapeza: onola pamwala wouma, makamaka a mafoloko, kawirikawiri sankafika zaka 35, ndipo onola pamwala wonyowa sankapitirira 45. Nthawi zina mwalawo unkaphulika uli pa liwiro n'kupha munthu pomwepo. Munthu wolipidwa potengera kuchuluka kwa mipeni imene wanola akamadana ndi chitsulo cholimba, sikudali kuuma mtima chabe. Chitsulo cholimba chinkatanthauza maola ambiri pamwala, fumbi lambiri, ndalama yomweyo.

Koma m'sitolo, chimene chinkaika mtengo pa mpeni wopinda sichidali chitsulo kwenikweni. Mipeni iwiri yochokera pachipala chimodzi inkasiyana mtengo kutalitali chifukwa cha chigwiriro. Pamwamba pa zonse padali chigoba chonyezimira cha nkhono za m'nyanja zotentha, chigoba cha kamba wa m'nyanja ndi mnyanga wa njovu. Pakati padali nyanga za mbawala ya ku India ndi Ceylon yotchedwa sambar, zimene alimi ndi alenje ankazikonda chifukwa n'zokakala ndipo siziterera m'dzanja lonyowa, kenako nyanga za njati za ku India ndi mitengo yolimba yakuda. Pansi padali fupa la mwendo wa ng'ombe.

Kampani ya Joseph Rodgers & Sons, ya pa nambala 6 Norfolk Street, yodziwika ndi chizindikiro cha nyenyezi ndi mtanda, ndiyo idafikitsa kunyada kumeneku pachimake. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1820 idapanga mpeni umodzi wokhala ndi timipeni topitirira 1,800, ndipo kenako ankawonjezera kuti chiwerengero chizigwirizana ndi chaka. Pa chionetsero chachikulu cha ku London mu 1851 idaonetsa Norfolk Knife, wa timipeni 75 ndi chigwiriro cha chigoba chonyezimira chosemedwa zithunzi za ulenje, umene udatenga zaka ziwiri kuupanga. Palibe adasendapo nawo mbatata. Pansi pa fakitale padali chipinda chosungira minyanga, ndipo m'chaka cha 1878 chokha kampaniyi idadula minyanga 2,561, yolemera matani 26. Njovu ili ndi minyanga iwiri. Masamu ake ngosavuta. Iyo idali kampani imodzi m'tauni ya makampani ambirimbiri, ndipo mpaka lero chizindikiro cha bungwe la osula la Hallamshire chili ndi mutu wa njovu pamwamba.

Apa nkhaniyi imafika kwathu ku Malawi. Chaka chomwecho cha 1878, amalonda a ku Glasgow adakhazikitsa kampani imene idadzatchedwa African Lakes, yoyendetsedwa ndi abale John ndi Frederick Moir, imene anthu adaipatsa dzina loti Mandala. M'zaka zake zoyamba katundu wake wamkulu wotumiza kunja adali minyanga, yambiri yogulidwa ku Karonga kwa amalonda a Chiswahili. Amalonda a ku Glasgow aja asanafike, Jumbe wa ku Nkhotakota ankawolotsa minyanga ndi akapolo panyanja m'zombo zake, ndipo amalonda a Chiyao ankapita nayo ku Kilwa ndi ku Zanzibar. Gawo lalikulu la minyanga ya kum'mawa kwa Africa linkathera pamsika wa ku London, kumene opanga mipeni a ku Sheffield adali m'gulu la ogula akuluakulu. Bwana wa ku London wotulutsa kampeni koyera m'thumba la wesikoti kuti asongole pensulo sankaganiza za mapewa amene adasenza mnyangawo kuchokera kunyanja kukafika kugombe.

Wosauka naye ankafuna kuoneka. Choncho amisiri adaphunzira kuboola timaenje pafupa la ng'ombe ndi kulinyika mu utoto kuti lifanane ndi nyanga ya sambar, ndipo luso limeneli lidakula mpaka osonkhanitsa mipeni amakono amazindikira fakitale poona kasemedwe ka fupalo. Mpeni wa Barlow, umene udayambira ku Sheffield m'zaka za m'ma 1600, udapangidwa dala kuti ukhale wotchipa: khosi lachitsulo lalitali kuti usathyoke popinda, ndi kafupa kosasalaza bwino. Udasefukira ku America mwakuti Mark Twain, m'buku la 1876 la Tom Sawyer, adapatsa mnyamatayo Barlow wa masenti 12 ndi theka, wosadula kanthu, koma womusangalatsa koopsa chifukwa cha dzina lokhalo. Wolembayo ankawadziwa bwino ogula mipeni.

Kenako kudabwera mnyanga wabodza. Alexander Parkes wa ku Birmingham adaonetsa pulasitiki yake yoyamba ku London mu 1862, ndipo m'zaka zotsatira idafika pamsika ndi maina a Xylonite ku Britain ndi celluloid ku America. Inkatha kuoneka ngati mnyanga, ngati kamba, ngati ngale, pamtengo wochepa. Zoipa zake zidaoneka mochedwa. Imayaka msanga ikayandikira moto, ndipo ikakalamba imatulutsa mpweya wa asidi umene umadya chitsulo. Osonkhanitsa mipeni yakale amadziwa kuti mpeni umodzi wa celluloid ukayamba kuwola m'kabati, umadyetsa dzimbiri anzake onse oyandikana nawo, monga imachitira nsomba imodzi yowola m'dengu.

Pa 13 Ogasiti 1913, Sheffield idabwereza mbiri yake. Harry Brearley, mwana wa wosungunula zitsulo, amene ankatsogolera kafukufuku ku Brown Firth, ankafuna chitsulo choti mipope ya mfuti isamaperepeseke msanga m'kati. Tsiku limenelo adasungunula chitsulo chokhala ndi chromium 12.8 peresenti ndi kaboni 0.24 peresenti, ndipo pochiyeza adaona kuti asidi sakuchidya. Iye, pokhala mwana wa Sheffield, adaganiza za mipeni. Osula oyamba amene adapatsidwa chitsulocho adachibweza ndi madandaulo omwe aja a m'nthawi ya Huntsman: n'chovuta kusula, n'chovuta kunola. Amene adalimba mtima ndi Ernest Stuart wa kampani ya R. F. Mosley ku Portland Works, amene adapeza kawotchedwe koyenera, nayesa mipeniyo ndi viniga, naona kuti sikuthimbirira. Komabe anthu ankamuseka Brearley kuti watulukira mpeni wosadula.

Onyozawo sadalakwitse kotheratu. Kaboni wa 0.24 peresenti ndi wochepa kwa mpeni. Chitsulo chakale cha mipeni yopinda chinkakhala ndi kaboni wochuluka kuwirikiza katatu kapena kanayi. Mipeni yoyamba ya chitsulo chatsopanochi, chotchedwa stainless, inkakoma patebulo, koma m'munda inkabuntha msanga, ndipo mbiri yoipayo idakakamira kwa zaka makumi ambiri ngakhale chitsulocho chitakonzedwa. Kampani ya banja la Elsener ya ku Ibach ku Switzerland idachilandira mu 1921, ndipo idamanga dzina lake, Victorinox, pa icho. Ena sadafune kusankha mbali. Opinel ya ku Savoie ku France, imene idayamba mu 1890 ndi chigwiriro chake cha mtengo wamba, mpaka pano imagulitsa mpeni womwewo m'mitundu iwiri, wa kaboni ndi wa stainless, ndipo Case ya ku Bradford ku Pennsylvania imachita chimodzimodzi. Okonda wa kaboni amati umanoleka msanga ndipo umaluma bwino, ndipo kuda kumene umada ukadula ndimu kapena nyama iwo amakuyesa ulemu. Anzawo amati munthu wosiya mpeni wonyowa m'thumba alibe nthawi yolera chitsulo.

Pamene izi zinkachitika, Sheffield inkataya msika. George Wostenholm, mwini chizindikiro cha I*XL, adadalira America kotero kuti fakitale yake adaitcha Washington Works. Msonkho wa McKinley wa 1890 udakweza mtengo wa mipeni yolowa ku America, mafakitale a kumeneko adakula, ena ndi amisiri ochokera ku Sheffield komweko, ndipo Solingen ya ku Germany idalowa ndi makina pomwe Sheffield idakakamira manja. Rodgers ndi Wostenholm, amene adapikisana kwa zaka zoposa 100, adaphatikizana mu 1971, ndipo maina awo tsopano ali m'manja mwa kampani ya Egginton. Stan Shaw, amene adalowa ntchito kwa Ibberson mu 1941 ali mnyamata wa zaka 14, adapitiriza kupanga mipeni yopinda pamanja ku Kelham Island Museum mpaka atapitirira zaka 90, ogula akudikira zaka kuti alandire wawo. Adamwalira mu 2021.

Mkangano wa zitsulo udawoloka nyanja pamodzi ndi ntchitoyo. Mu 1876 abale a Sanderson a ku Sheffield adatsegula fakitale ku Syracuse ku New York, ndipo mu 1900 idalowa m'kampani ya Crucible Steel, yotchedwa ndi dzina la miphika ya Huntsman. Kumeneko, cha m'ma 1970, adayamba kupanga chitsulo mwanjira ina: chosungunukacho amachipemerera ndi mpweya kuti chisanduke ufa, kenako ufawo amaupanikiza pamoto mpaka ugwirane. Cholinga n'chomwe chija cha wopanga mawotchi, kuti chitsulo chifanane paliponse, koma tsopano chitha kunyamula vanadium wambiri, amene amapanga timibulu tolimba kwambiri tosaperepeseka, popanda kukhala chophweka kuthyoka. Chris Reeve, wobadwira ku Durban, amene adasamukira ku Boise ku Idaho mu 1989, adathandizana ndi Crucible kupanga S30V mu 2001, chitsulo chokonzedwera mipeni basi, ndipo S35VN idatsatira mu 2009. Mpeni wake wa Sebenza ndiwo udazoloweretsa ogula chigwiriro cha titanium chimene mbali yake imodzi imakhalanso loko. Mu 2021 katswiri wa zitsulo Larrin Thomas adatulutsa MagnaCut, atatsitsa chromium kufika pa 10.7 peresenti ndi kulinganiza zosakaniza zina kuti chromium yense atsale akuteteza ku dzimbiri m'malo mogwirana ndi kaboni. Idatchuka mwachangu, koma sidapulumutse fakitale: Crucible idalengeza kuti yagwa m'ngongole mu Disembala 2024.

Dzina la chitsulo lodindidwa pampeni limanena theka la nkhani. Theka linalo ndi kawotchedwe ndi kaziziritsidwe, komanso kupyapyala kwa kukamwa kwake. Buck 110, umene udatuluka mu 1964 ndi chigwiriro cha mtengo wakuda ndi mkuwa, udayamba ndi 440C, chitsulo chapamwamba cha nthawiyo, ndipo alenje ambiri ankadandaula kuti sichinoleka. Kampaniyo idatsikira ku zitsulo zosavuta mpaka idakhazikika pa 420HC, chimene akatswiri a papepala amachinyoza. Koma chifukwa cha kawotchedwe kamene Paul Bos adakhazikitsa, mipeni ya Buck imagwira ntchito kuposa ina yodindidwa maina odula. Munthu wogula M390 yowotchedwa mwaulesi wagula zilembo.

Zigwiriro nazo zidasintha pamene malamulo adatseka njira zakale. Mgwirizano wa CITES udaletsa malonda a minyanga pakati pa maiko mu 1989, ndipo Britain idatseka ngakhale msika wa m'dziko ndi lamulo la 2018 limene lidayamba kugwira ntchito mu 2022. India idaletsa kutumiza kunja nyanga za sambar. M'malo mwake mudalowa zinthu zimene sizidapangidwire mipeni n'komwe: micarta, nsalu kapena mapepala osanjikiza mu utomoni, imene Westinghouse idapanga cha m'ma 1910 kuti izitchinga magetsi, G-10, ya ulusi wagalasi, yochokera ku zipangizo zamagetsi, ndi Delrin ya DuPont, imene amaisema kuti ifanane ndi fupa, fupa lomwe lija linkasemedwa kuti lifanane ndi nyanga. Okonda micarta amati imagwira bwino ikanyowa ndipo imada mokongola ndi thukuta la mwini wake. Odana ndi titanium amati imazizira m'dzanja ndipo imaterera. Amene mtima wawo ukadali pa mnyanga amagula wa mammoth, njovu zamakedzana zofukulidwa m'nthaka youma ndi chisanu ku Siberia. Phingo wa ku Mozambique ndi Tanzania amafunidwanso ndi amisiri a mipeni yodula, ndipo kuyambira 2017 malonda ake kunja ali pansi pa zilolezo za CITES.

Kummwera kwa Africa kuno, mpeni wopinda umene anthu ambiri amaudziwa sudalowe nawo mpikisanowu. Okapi idayamba kupangidwa ku Solingen mu 1902 kuti izigulitsidwa m'maiko a Africa olamulidwa ndi Germany, ndipo mu 1988 makina ndi dzina zidasamukira ku South Africa. Chitsulo chake ndi cha kaboni wamba, chofewerapo, ndipo chigwiriro ndi mtengo wolowetsedwa utomoni, wokhala ndi kamwezi ndi nyenyezi. Imachita dzimbiri, imabuntha msanga, ndipo dzina lake limamveka kawirikawiri m'makhoti a ku South Africa ndi Zimbabwe. Koma m'busa kapena msodzi amaibwezera kuthwa pamwala uliwonse wosalala wa m'mbali mwa njira m'kanthawi kochepa.

Mwini mpeni wa chitsulo cha S90V kapena M390 sangachite zimenezo. Timibulu ta vanadium ndi tolimba kuposa miyala yonolera yambiri, yachilengedwe ngakhale ya m'sitolo, moti mwala umatha mpeni usanathwe bwino. Amayenera kugula mbale zokutidwa ndi fumbi la dayamondi, nthawi zina pamodzi ndi chipangizo chogwira mpeni kuti dzanja lisapotoze, ndipo zonsezi zitha kudula kuposa mpeni wabwino wa Opinel kambirimbiri. Ambiri amangogonja. Kampani ya Benchmade ya ku Oregon imalonjeza kunola mipeni yake kwaulere moyo wonse wa mpeniwo, ndipo eni ake amaikulunga bwinobwino, kuitumiza pa positi, n'kudikira kuti ibwerere.